Munthu Amene Ndinamuyesa Mfiti Ndiye Anagona Pansi pa Galimoto Yanga

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ndine Tembo wa ku Kanyama, ndipo ntchito yanga ndi yonyamula ana a sukulu pa kagalimoto kanga, m'mawa kuwapereka, masana kuwabweza. Ndikufuna ndikuuzeni momwe chiwongolero cha galimotoyo chinatsala pang'ono kundilanda ntchito, ndi momwe Mulungu anayamba wandichititsa manyazi asanandipulumutse.

Vuto linayamba dzinja litatha. Mvula ikagwa kuno galimoto imayenda m'madzi, maenje suwaona, umangowamva. Madzi ataphwa ndinaona kuti chiwongolero chalobodoka. Ndikachipotoza pang'ono matayala sankamva, ndikagunda dzenje kutsogolo kunkalira gogogo. Makaniko woyamba anasintha tayirodi, kachitsulo kapafupi ndi tayala. Wachiwiri anati pakufunika alaimenti chabe, kuwongola kaimidwe ka matayala. Wachitatu anangokankha tayala ndi phazi galimoto ili pansi, n'kundiuza kuti galimoto zokalamba zimatero. Ndinatopa, abale, ndipo ndinayamba kungoyenda nayo choncho.

Pafupi ndi nyumba yanga pamakhala ba Mulenga, mkulu wa ku Kopala amene anakalambira kukonza magalimoto a ku migodi ya kumeneko. Iwo ndi Mbemba, ine ndine wa kum'mawa, ndiye mukuchidziwa chimbuya chathu, kunyozana mwanthabwala kwa mitundu yathu iwiriyi. Iwo amanditchula wodya mbewa, ine ndimawafunsa ngati anyani atsalako kwawo kapena anawadya onse. M'mawa wina anaima n'kuyang'anitsitsa tayala lakutsogolo, kenaka anati, "Ba Tembo, iyi motoka izakupayisani." Ndinaseka, n'kuwayankha kuti woyenda wapansi sasowa chonena. Ndinayesa ndi chimbuya cha masiku onse.

Patapita milungu iwiri, ndili ndi ana asanu ndi awiri m'galimoto, minibasi inaima mwadzidzidzi kutsogolo kwanga. Ndinapotoza kuti ndizembe, galimoto inachedwa kumva, kenaka inakhota yokha mopitirira n'kukaima tayala limodzi lili pamlomo pa ngalande. Palibe anavulala. Koma mwana sasunga nkhani, ndipo mlungu usanathe makolo anayi anachotsa ana awo. Amake Chanda, mayi wogulitsa masamba pamsika, sanandikalipire n'komwe. Anangondiuza kuti mwana ali naye mmodzi yekha, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa mwano.

Apa ndi pamene mtima wanga unasokera. Ndinakumbukira mawu a ba Mulenga n'kunena kuti sichinali chimbuya, linali temberero. Ndinasiya kuwapatsa moni. Ndinathira mafuta odzozera pachiwongolero mpaka manja ankaterera, koma kulobodoka kunali komweko. Galimoto ndinaiimika, ana atatu otsalawo ndinkawakweza minibasi n'kuwaperekeza ndekha kuti asandithawe nawonso. Mphamvu zopemphera pemphero lalitali ndinalibe. Ndinkangoti Ambuye, ndionetseni mdani wanga, ndatopa.

Loweruka m'mawa ndinamva kugogoda. Anali ba Mulenga, atavala ovololo yakale, masipanala ali m'manja.

"Mwaleka kunipasa moni, ni vanu ivo," anatero. "Koma bana ba bantu sibanalakwe. Bweletsani jeke."

Manyazi anandigwira, koma jeke ndinabweretsa. Anakweza kutsogolo kwa galimoto, n'kuikira zitsulo zochirikiza. Poyamba anandionetsa chimene anaona tsiku lija: tayala linadyeka mbali yamkati yokha. Kenaka analigwira uku ndi uku n'kuligwedeza, ndipo linasewera ndikuona ndi maso anga. Anandiuza kuti ndipitirize kuligwedeza, iwo n'kugona pansi pafumbi, dzanja likuyenda pamfundo iliyonse ya zitsulo. Pa tayirodi yatsopano ija panalibe kanthu. Atafika mkati anaima. Labala lophimba mfundo yamkati, imene amati rakendi, linali long'ambika. Madzi a dzinja anatsuka girisi yense, mchenga unalowa n'kudya chitsulo mpaka chinkagwedera m'malo mwake. Anandigwiritsa ndi dzanja langa kuti ndisamve za m'maluwa.

Ndinapita m'tauni kukagula rakendi yatsopano ndi labala lake, chifukwa anandiletsa zochotsa ku galimoto zakufa. Anamanga okha, n'kunditumiza kukachititsa alaimenti tsiku lomwelo. Pobwerera chiwongolero chinkamva ngakhale ndichikhudze ndi zala ziwiri, ndipo ndinaima pambali pa msewu n'kulira.

Madzulo ndinapita kukawaululira zimene ndinkawaganizira. Ndinayembekeza kuti andiseka, koma sanaseke. Anati, "Chimbuya ni chimbuya, ba Tembo. Koma pa moyo wa bana ine sinisobela, sinichita nthabwala." Ndinapempha kuona mdani, ndipo Mulungu anandionetsa kuti mdaniyo anali makutu anga.

Ndinayenda khomo ndi khomo ndi chitsulo chakuthacho m'manja, kufotokozera makolo chimene chinavuta. Atatu anabweza ana awo. Amake Chanda anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kundithokoza, koma mwana sanabweze, ndipo sindiwaimba mlandu. Mpando wake ukadali wopanda munthu.

Ndikuthokoza Mulungu amene anagwira tayala lija pamlomo pa ngalande, ndiponso amene anatuma munthu amene ndinkamuthawa. Inu amene mwatopa ngati momwe ndinatopera ine, musaleke kupemphera, ngakhale pemphero likhale la mawu atatu. Koma mukapemphera, tsegulani chitseko akagogoda, pakuti yankho lanu likhoza kukhala mnansi amene mwasiya kumupatsa moni. Ambuye akusungeni pa misewu yathuyi. Ameni.