A Romano Chakondwa ndi Kavalo Wawo Namondwe

"Zaka zonse zija ndinkapambana, bwanji panalibe amene anafunsa kuti akavalowo ndimawatani?"

Funso limeneli ndi la malemu. Analifunsa ku Joni pamaso pa akuluakulu a masewera, analifunsanso pakhonde pano, pampando umene akhalira akatekisitawo. Uko ndi kuno komwe, palibe anawayankha. Mafumu, apadiri, akumpingo, anamfedwa ndi nonse mwabwera kudzatikhuza, ine ndine Teodora, mwana wa mlongo wawo wa malemu. Banja landituma kuti ndiwerenge mbiri ya amalume, chifukwa amuna onse a pabanja pano akuti pakhosi pawauma.

Malemu Bambo Romano Chakondwa anabadwa pa 14 Maio 1964 kuno ku Domwe, achitatu m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Anabatizidwa kumishoni ndipo sukulu anaphunzira komweko mpaka kalasi yachinayi. Atasiya sukulu ankayendetsa ngolo ya bambo awo, kututa mbatatesi kupita nayo kumalire. Achikulire amene munawaona masiku amenewo mumati ng'ombe zawo zinkafika msanga kuposa za wina aliyense. Mumatinso zinkafika michira itathyoka.

Mu 1986 nkhondo itafika poipa, anaoloka malire n'kuthawira ku Dedza. Kumeneko, mu 1988, anamanga banja ndi Mayi Anastácia, aNangozo, amene akhala pamphasa apowa. Mu 1990 anawasiya ndi khasu, iwo n'kupita ku Joni kukafuna ntchito.

Ntchito imene anaipeza inali yowola ndowe m'khola la akavalo a mpikisano. Kwa amene simunaonepo masewerawa: pabwalo amaikapo mipanda ya mitengo yopaka utoto, munthu n'kukwera kavalo, n'kumadumpha. Amene wadumpha yonse osagwetsa mtengo ndiye wapambana. Oonerera amavala zipewa ndipo amaomba m'manja pang'onopang'ono, ngati akuopa kudzutsa mwana.

Bwana wawo anali wokwera wotchuka, ndipo ndi amene anawaphunzitsa njira yomwe siionetsedwa kwa azipewa aja. Kuseri kwa khola, antchito awiri amagwira paipi yachitsulo m'mbali mwa mpanda. Kavalo akakhala m'malere, amaikweza kuti immenye pamsongolo. Kavaloyo amaganiza kuti wagunda mpanda, ndiye mawa lake amakweza miyendo ngati pansi pali moto. Pa tsiku la mpikisano amampaka mankhwala owotcha pamabala omwewo. Malemu anayamba ngati ogwira paipi. Bwana ataona kuti dzanja lawo silinjenjemera, mu 1998 anawakweza pachishalo.

Anapambana, ndipo anapambanadi. Zikho zawo zadzaza kabati m'nyumbamu. Ankabwera pa Natale, nyengo ya Khirisimasi, ndi nsapato zofika m'mawondo, ana tonse n'kumalimbirana kuzipukuta. Ena a ife sukulu tinamaliza chifukwa cha miyendo ya akavalo amenewo, ndipo mmodzi mwa iwo ndi amene akukuwerengerani mbiriyi.

Mu Novembro 2013 kavalo wina wofiira anakana kudumpha dziwe pophunzira. Malemu anatsika, namgwira chingwe pafupi ndi kamwa, n'kuyamba kumkwapula kumaso. Magazi atatuluka m'mphuno sanaleke. Kavaloyo atagwada pansi sanalekebe, anatembenuza chikwapu n'kumamenyera kumtengo kwake. Munthu wina anajambula zonsezo pa telefoni. Kanemayo anazungulira dziko mpaka anafika kuno. A Josias, musayang'ane pansi, tinaonera pa telefoni yanu pamsika, ndipo tinabwereza.

Akuluakulu a masewera anakhala pansi, nagamula kuti a Romano asadzakwerenso pampikisano moyo wawo wonse. Bwana uja tsikulo anali ataima pambali pa mpanda, kapu ya khofi ili m'manja, koma wojambula sanatembenukire kumeneko. Atolankhani atamfunsa anati mtima wake wasweka, sankadziwa kuti pakhola pake pali munthu wankhanza chotero. Chaka chotsatira anampatsa mpando m'bungwe loona za ufulu wa akavalo. Kavalo wofiira uja bondo silinachire, anamuwombera mfuti.

Malemu anabwerera kuno mu 2014. Analima, anamanga nyumba iyi, anakumba chitsime chimene mudzi wonse umatunga, ndipo galimoto lawo silinakanepo wodwala kapena mayi wapakati. Zimenezi n'zoona ndipo zikumbukiridwe. Koma mtima wawo unatsala pachishalo. Mu 2019 lole inatsitsa pano kavalo wamkazi wotuwa wochokera kufamu ina ya ku Chimoio, ndipo anamutcha Namondwe. Ana ankati kwabwera bulu wa azungu. Mayi ena, amene ali pompano, anafunsa ngati amakamidwa.

Kudambo kuja anamanga mipanda ya bulugamu. Paipi yachitsulo kunalibe, choncho anadula nsungwi n'kuikhomera misomali. Mankhwala a ku Joni kunalibe, choncho ankasinja piripiri n'kusakaniza ndi mafuta ophikira. Wogwira nsungwi anali a Natanael, mwana wawo wamwamuna yekhayo, bambo wa ana awiri, amene sanaphunzirepo kuwakanira bambo awo. Galu ukammenya amakuwa, mudzi wonse n'kudziwa. Kavalo sakuwa. Amangopuma mwamphamvu n'kumanjenjemera, n'chifukwa chake odutsa popita kumadimba ankatha kupereka moni n'kupitirira.

Amene ankatsuka miyendoyo ndi madzi amchere anali Mayi Anastácia. Ntchito yotsuka mabala anali ataidziwa kale kavalo asanabwere. Ndilekeze pomwepo.

Mwezi uno wa Agosto, wamalonda wina wa ku Ulongwe anawapempha kuti akasangalatse anthu paukwati wa mwana wake. Iye ankangofuna kuti kavalo ayende patsogolo pa galimoto la akwati. Malemu anati ayi, anthu a ku Ulongwe aone zimene azungu ankalipira kuti aone: adzadumpha ngolo yodzaza matumba a mbatatesi. Mayi Anastácia anati, "Bambo a Natanael, kodi ukwati wa eni ake sungathe popanda inu kudumpha ngolo?" Iwo anati, "Nangozo, iwe dziwa za mbatatesi, zodumpha undisiyire." Mipanda ya pampikisano amaipanga kuti ukaigunda izigwa. Ngolo ya ku Domwe amaipanga kuti isagwe.

Lachiwiri pa 13 Agosto 2024, m'mawa, anakokera ngolo kudambo kuti ayesere. Namondwe anathamanga, nafika pangolo, naima nji. Anamtembenuza, anaimanso. Kachitatu anaimirira ndi miyendo yakumbuyo. Malemu anatsika, nam'mangirira kugudumu la ngoloyo, natenga tcheni cha njinga. Amene munali m'madimba munaona, ndipo ena munasiya makasu kuti muone bwino. Anam'menya m'khosi, m'nthiti ndi kumaso mpaka diso lakumanzere linaphulika. Atatero anapukuta manja pabuluku, nam'masula, nakweranso, n'kuuza a Natanael kuti, "Gwira nsungwi. Lero adziwa mwini wake."

Ulendo uno Namondwe sanaime. Anadumpha ndi diso limodzi, magazi ali chuchuchu. A Natanael anakweza nsungwi monga anawaphunzitsira. Misomali inalowa m'miyendo yakutsogolo, kavalo anapinda mawondo, chifuwa chinagunda thabwa la ngolo, ndipo anagudubuzika m'malere n'kugwera tsidya linalo, a Romano ali pansi pake. Kavalo podzuka, phazi lawo linali litakodwa m'chopondera cha pachishalo. Anawakoka m'ziputu za chimanga mpaka kumtsinje, akuponya ziboda za kumbuyo, ndipo chimodzi chinawapeza pachifuwa.

Anawatengera kuchipatala ku Ulongwe, kenako ku Tete. Madokotala anapeza kuti msana wathyoka ndipo nthiti zaboola phapo. Anatsegula maso kamodzi kokha, Lachinayi. Anayang'ana a Natanael amene anali atagwada pambali pa bedi, n'kunena kuti, "Unakweza mochedwa." Mawu awo omaliza ndi amenewo. Anatisiya Lachisanu pa 16 Agosto, ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi.

A Natanael atafika ndi thupi, sanalowe m'nyumba. Anatenga nkhwangwa n'kupita kuseri, kumene Namondwe anam'mangirira pamtengo wa pichesi. Anamtema kamodzi paphewa, bala loti dzanja n'kulowa. Asanatemenso, mayi awo anali ataima pakati. Anati, "Tema, mwananga, koma uyambire pano." Nkhwangwa inagwa pansi, mwini wake n'kugwa pambali pake.

Kuyambira tsiku limenelo nkhani imene ikuyenda pamaliro pano si ya malemu, ndi ya kavalo. Akuluakulu ena akuti chiweto chimene chapha mbuye wake sichisungidwa pamudzi, chiphedwe tikangochoka kumanda. Anyamata ali kuseriko ndi nkhwangwa zawo, anola kale. Ena afunsa kale ngati nyama yake imadyedwa. Namondwe waima pomwepo, ntchentche zili pabala, sanadye kuyambira Lachiwiri.

Malemu asiya mkazi wawo, Mayi Anastácia, ana atatu, a Natanael, a Carla ndi a Olga, zidzukulu zisanu, ndi mlongo wawo mmodzi, mayi anga a Bernadete.

Banja likuthokoza a Júlio amene anatsitsa anthu m'chapa yawo, minibasi ija, kuti anyamule wovulala, anamwino amene anawasamala mpaka mapeto, amayi a mpingo amene mwagona nafe pano, azibambo amene mwakumba manda m'nthaka youma ya mwezi uno, ndi abale amene mwaoloka malire pa Kalomwe kuchokera ku Dedza. Ku Joni tinatumiza uthenga. Telefoni sinalirebe.

Amalume, munatilera, munatiphunzitsa, ndipo tinkakuopani. Mulungu amene anaona zapabwalo ndi zakuseri kwa khola akulandireni mwa chifundo chake, mzimu wanu uuse mumtendere.

Chomaliza ndi chilengezo chochokera kwa Mayi Anastácia, ndipo andiuza kuti ndisawonjezerepo kanthu. Namondwe saphedwa, lero kapena tsiku lina lililonse. Kumanda apita nafe, chingwe agwira okha Mayi Anastácia, ndipo abwera naye. Anyamata muli kuseriko, siyani nkhwangwa pansi, mum'masule mubwere naye kuno. Onyamula bokosi, adutse kaye amayi.