Funso la Mayi Chatsopano

Abwana aakulu, akuluakulu a nthambi, bambo a kunyumba ndi ana, anzanga nonse, ndakulonjerani.

Alendo mwina simudziwa zimene timachita muno. Kampani ikatulukira mankhwala, imadzapempha patenti, chilolezo choti izipanga yokha mankhwalawo kwa zaka makumi awiri, mtengo n'kumaikanso yokha. Ounika zopemphazo ndi mayi akupumawa. Timawatcha Mayi Chatsopano, chifukwa aliyense wolowa mu ofesi mwawo amakumana ndi funso limodzi: "Chatsopano n'chiyani apa?"

Atangoyamba ntchito, akuti ananyambita piritsi lachitsanzo kuti amve ngati likusiyana ndi lakale. Lilime linachita dzanzi mpaka poweruka. Bambo, n'zoona kuti tsiku limenelo kunyumba kunali bata? Nanga inu akamwini apo, tsiku loyamba kufika pakhomo, funsoli linakuphonyani?

Chaka china kampani ina inabwera patenti yake ya mankhwala a mtima ili pafupi kutha. Piritsi lomwelo, kungoti loyera lija analipaka chikasu, ati apatsidwenso zaka zina. Maloya anadzaza chipinda mpaka tinabwereka mipando. Mayi anaika mapiritsi awiriwo patebulo, n'kufunsa funso lawo lija. Maloya analankhula mpaka thukuta, koma yankho silinatuluke. Mayi anakana.

Masiku amenewo mkazi wanga ankadula piritsi lomwelo pakati ndi mpeni kuti mankhwala okwera mtengowo amufikitse kumapeto kwa mwezi. Miyendo yake inkatupa, ine mantha ali tho. Sindinawauze mayiwa, ntchito yathu silola. Patenti ija itatha, makampani ena anayamba kupanga, mtengo n'kugwa.

Komatu mayi, pali chimene chimandizunguzabe mutu. Inu nomwe mumati wotulukira mankhwala ayenera kudyerera thukuta lake, apo ayi adzasiya kufufuza. Koma mumatinso, bwanji maboma osangomupatsa mphoto yaikulu kamodzi, kenako aliyense n'kumapanga? Ndikakufunsani kuti mphotoyo angaiyeze ndani, mumangoseka. Kodi yankho mukupita nalo, kapena nanunso mukulifunafuna? Mukalipeza uko mukuthirira maluwa, foni yanga muli nayo.

Zikomo chifukwa cha zaka zonsezi. Pitani mukapume, muzikadzuka dzuwa litakwera. Lolemba pampando panu ndikhalapo ine, ndiye funso lija mundisiyire.

Mayi a kunyumba kwanga, taimirirani akuoneni. Mayi Chatsopano, munthu wanu ndi ameneyo. Masiku ano piritsi lija amamwa lathunthu.

Anzanga, manja amenewo akudikira chiyani? Tiyeni tiwaombere!