A Kenan Ngozo ndi Nyumba Yawo Yosanja

Malemu anabadwa pa Mphunzi pompano cha m'ma 1875, ndipo dzina lawo ndi a Kenan Ngozo. Tsiku lenileni palibe analemba, koma amayi awo ankati inali nyengo yokolola mawere.

Sukulu anayamba ali aakulu kale, mu 1897, ku mishoni ya Nkhoma. Kuwerenga sikunawalowe kwenikweni, koma kuumba njerwa, kuotcha ndi kumanga anakugwira msanga. Mu 1898 anakwatira mayi Jestina a ku Mayani, ndipo Mulungu anawapatsa mwana mmodzi, Dorika.

Mu 1903 ananyamuka wapansi kudzera ku Tete ndi ku Halale mpaka anakafika ku Joni. Anzawo analowa m'migodi, iwo anakalembedwa pomanga nyumba zosanjikizana. Poyamba ankangosenza njerwa pamutu, kukwera nazo pa matabwa ogwedera, anthu pansi akuoneka ngati nkhuku. Kapitawo ataona dzanja lawo anawalola kumanga, koma makoma akuseri okha, kosaonekera kumsewu. Nyumba ina inayenera kufika nsanjika zisanu ndi zinayi. Eni ake ankamanga ndi ndalama zobwereka ku mabanki a kutsidya kwa nyanja, ndipo mu 1907 mabankiwo atakaniza, ntchito inaimira panjira, zitsulo zili njo kumwamba. Malemu anatha miyezi akusaka ganyu.

Kogona kwawo kunali ku komboni ya malata, pafupi ndi tauni. Kenaka kunabwera azungu ndi unyolo woyezera, nakhoma zikhomo, ati pano padutsa misewu yoongoka, m'mbali mubzalidwa mitengo, mukhala anthu a ndalama. Komboni inagwetsedwa, anthu nakatayidwa kutali, pafupi ndi dzala la mzinda. Zoterezi zinawachitikira kawiri. Malemu ankati malatawo analibe nawo chisoni. Chimene sankachiiwala ndi amayi atakhala pa mitolo yawo pamsewu, makanda kumbuyo, mvula ikubwera.

Mu 1910 mayi Jestina anamwalira iwo ali konko, ndipo Dorika anasiya sukulu kuti agwire khasu. Malemu anabwerako mu 1911, ali ndi chifuwa chosamva mankhwala.

Mu 1912 anayamba nyumba mukuionayi. Njerwa anaumba okha kudambo, mitanda anakadula ku Chongoni. Atayala matabwa n'kuyamba khoma lina pamwamba pa loyambalo, mudzi wonse unaseka. Ena a inu munkati a Ngozo akufuna kugona ndi akhwangwala, ena munkati mphepo ya Ogasiti idzawatsitsa yokha. Anaimaliza mu 1915, chaka chimene Dorika anakwatiwa ndi a Kizito. Mu 1916 a Kizito anatengedwa kukasenza katundu wa nkhondo, ndipo mpaka lero sitinamve kanthu. Mwana wawo Sibongile anabadwira m'nyumba imeneyi.

M'Malichi chaka chino chifuwa chinayamba kutuluka magazi. Achimwene awo a Yohana anabwera kudzazonda. Potsanzika anaima pakhomo, kuyang'ana makoma kuyambira pansi mpaka kudenga, n'kunena kuti mwambo ndi mwambo: nyumba yoferamo mwini wake ndi siwa, ndipo siwa amagwetsa, kaya ndi la udzu kaya ndi la njerwa. Kutacha malemu anatuma Dorika kukamweta udzu. Iwo akutsokomola choncho anazika mitengo kuseri kwa nkhokwe, naika msasa. Anasamutsiramo mphasa, bulangete, mbale ndi zida zawo zonse zomangira, osasiya ngakhale chipewa.

Nonse mukudziwa chisanu cha kuno mu Juni. Dorika anagwada kuwapempha kuti alowe m'nyumba usiku wokha, adzatuluke kukacha. Anakana. Anati imfa sigogoda, ikhoza kuwapeza m'katimo. Anati: "Akufuna yogwetsa? Ndawamangira yosavuta." Tsiku lina mvula yowaza itawanyowetsa, Dorika anaitana amuna awiri kuti awanyamule. Malemu anakumbatira mzati wa msasawo, mpaka amunawo anawaleka. Kuyambira m'Malichi phazi lawo silinapondenso pakhomo pa nyumba ya njerwa, ndipo mboni zake mwakhala pomwepa. Anamwalirira mumsasamo Lachinayi, pa 19 Julaye 1917.

Tsopano, abale ndi alongo, tisabisane. Nkhwangwa ndi mitengo zimene zabisidwa kuseri kwa khola kuyambira dzulo taziona. Mwambo sitikuukana ayi. Siwa lilipo, ndi msasa uwo, ndipo katundu wa malemu ali momwemo. Tikachoka kumanda mugwetse, muotche, wina sakuletsani. Tamvanso manong'onong'o akuti msasa ndi chinyengo, nyumba yawo yeniyeni ndi imene anamanga. Ngati zili choncho, a Yohana, muyambe mwagwetsa tchalitchi tapempheramo m'mawa uno, chifukwa makoma ake anaimikidwa ndi manja omwewo.

Malemu asiya achimwene awo a Yohana, alongo awo mayi Immaculate a ku Mayani, mwana mmodzi Dorika, mkamwini a Kizito amene tikuwadikirabe, ndi mdzukulu mmodzi Sibongile, amene sanayambe n'kuyenda komwe. Dorika alibe kwina kolowera. Tikabwerako kumanda akwera ndi mwana wake m'chipinda chapamwamba, ndipo satsika. Amene adzakhudze khoma adziwiretu kuti pamwamba pali anthu awiri.

Tikuthokoza adzukulu okumba manda, amene alimbana ndi miyala kuyambira m'mawa. Tikuthokoza aphunzitsi a Bonifasio chifukwa cha mapemphero, amayi a mumpingo amene ankabwera ndi nkhuni kumsasa mwezi wonse wa Juni, ndi a Gervazio amene akhoma bokosi osafunsa kanthu. A Yohana nawonso tikuwathokoza, pakuti apereka mbuzi ya pamaliro pano, ndipo tikukhulupirira kuti mng'ono wawo samuchititsa manyazi asanazizire n'komwe.

A Ngozo, chisanu mwachimva kokwanira. Pitani bwino, mzimu wanu ukause mumtendere.