Ndinati Akudwala Pang'ono

Inu owerenga nkhani zathu pa wailesi, ndine mnyamata wa kuno ku Katuli. Chonde ndiwerengereni kalatayi kuti anzanga amve.

Chipatala chathu chaching'ono chitalandira ambulansi yatsopano, nambala yake inalengezedwa kumzikiti, ine n'kuisunga m'foni. Tsiku lina masana alamu anga, akazi a achimwene amene ali ku Joni, nthawi yawo yochira inakwana, koma magazi ankatayika kwambiri. Amayi anatuluka m'nyumba nati, "Imba msanga."

Adalaivala atayankha anandifunsa, "Chavuta n'chiyani, achimwene?"

Kwathu mwana wamwamuna satchula za amayi oyembekezera. Manyazi anandigwira, ndipo ndinati, "Alamu akudwala pang'ono."

"Ngati ndi pang'ono, ndiyambe ndakatenga munthu wathyoka mwendo. Dikirani."

Ndinangoti zikomo. Tinadikira mpaka kubuula kwa alamu kunayamba kuchepa, ndipo zimenezi n'zimene zinandiopsa. Ndinaimbanso, amayi ndi azakhali akumva. "Ndi oyembekezera, akutaya magazi ambiri, sakuyankhanso bwino."

"Bwanji simunanene poyamba?" anatero adalaivala, n'kutembenuza galimoto pomwepo.

Alamu anapulumuka, koma mwana sitinabwere naye kunyumba. Palibe amene anandiloza chala, koma ine ndikudziwa nthawi imene ndinataya.

Lero wina akadwala m'mudzi muno, ndimapempha kuti ndiimbe ndine, ndipo matenda ndimawatchula momwe alili ngakhale pakhale akuluakulu. Anzanga, ambulansi ingakhale yatsopano chotani, imathamanga molingana ndi zimene mwaiuza.