Mkwatibwi wa Mzere Wachiwiri

Pasiteji ya Madisi, Yoswa, mnyamata woyembekezera ukwati, anatembenukira bambo wina wonyamula laputopu.

"Inu amakompyuta mwandipha! Kutchalitchi alengeza kuti ndikukwatira Luckness, mkazi woti sindimudziwa n'komwe!"

"Pepani achimwene. Zatheka bwanji?"

"Akuti pulogalamu ya muofesi ya tchalitchi inatenga dzina langa pamzere woyamba wa mndandanda wa maukwati, koma itafika padanga la akazi inadumphira mzere wachiwiri."

"Wolemba pulogalamuyo anaiwala kuti kompyuta imawerenga mizere kuyambira pa ziro. N'zosavuta kukonza zimenezo."

"Zosavuta? Faines wanga wabweza mphete, ndipo amalume ake akuti ndisapondeko pakhomo pawo!"

"Akakonza adzalengezanso bwinobwino."

"Ndiye kwerani minibasiyi, mukawafotokozere nokha amalumewo za ziro wanuyo. Koma dziwani kuti agalu awo samanga."