Mwini Vinyo Walavula

Zaka zitatu Macfussy anakhala akutsuka mbale mu hotela ina yayitali ku Onaiza, kudziko la Aluya, ndipo tsiku lomwe anamuyesa pa ntchito yoperekera zakudya ndi lomwe kunafika mayi wina wa ku Tasmania kudzaonetsa vinyo wofiira wa pa kamunda kake. Manijala sanapsatire mawu, anati tebulo faifi likangodandaula abwerera kusinki, koma nkhomaliro itayamba Rehema, woperekera zakudya mnzake, anamupeza m'kachipinda ka matambula, botolo lili apo, iye manja ali kumbuyo.

"A Macfussy, yala, fulumirani, tebulo faifi likudikira."

"Limeneli sindinyamula."

"Thireyi yake ndi iyo."

"Sindikunena za thireyi, chemwali. Vinyoyu sali bwino."

Rehema, mwana wa ku Ntaja, chibadwire anali asanalaweko ngakhale thobwa logonera. Vinyo ankamudziwira m'buku la malamulo a hotela basi, koma bukulo analiloweza mpaka mapeji. Anasolola kachipangizo koyezera kuzizira n'kukagunditsa pabotolo.

"Fotini digirizi. Ali bwino."

"Iwe, pa tireningi m'mawa muja unali kuti? Mwini wakeyo wathira yekha, wanunkhiza, waika m'kamwa, wachukucha, kenako n'kulavulira m'kachidebe. Kanayi konse."

"Kasanu n'kamodzi."

"Ukundithandiza kapena ukunditsutsa?"

"Ndikungokonza nambala. Manijala analavula kawiri."

"Ndiye awiriwo akudziwana."

Tisamuseke msanga Macfussy. Munthuyu anakulira kuseri kwa mbiya. Mayi ake, a Esnart, anafulula masese ku Lizulu zaka makumi atatu, ndipo lamulo la pabwalo pawo linali limodzi: chipanda choyamba amamwa mwini mowa, pamaso pa onse, n'kumeza mpaka kholingo lioneke likuyenda. Mayi wina wa kutsidya anangoti lero ndakhuta, n'kukana kulawa wake. Anthu anadzuka mmodzimmodzi, mowa unasasira m'mbiya.

"Buku likuti olawa amalavula kuti asaledzere," anatero Rehema.

"Wofulula kuopa kuledzera? Nanga anafululiranji? Akanapanga juwisi. Tawerenga kakhadi kabwera ndi botoloka."

Rehema anakweza kakhadiko ngati akuwerenga zolengeza.

"Akuti mphesa zake zimamera paphiri lozizira, pomwe nkhungu imachoka dzuwa lili pamutu. Amathyola ndi manja, iwo ndi mwana wawo wamkazi. Alibe wantchito."

"Alibe mboni."

"Sanalembe mboni. Alemba wantchito."

"Pitiriza."

"Fungo lake ndi la dothi lonyowa, masamba ofota a m'nkhalango, ndi bowa."

"Bowa wanji?"

"Sanatchule."

"Kwathu bowa wopanda dzina anagoneka banja lonse m'chipatala. Pitiriza."

"Akuti sasefa. Mukaona zakuda pansi pa botolo musadabwe."

Macfussy anatulutsa dzanja limodzi kumbuyo, anagwira botolo pakhosi ndi zala ziwiri n'kuliloza kunyali. Zakudazo zinalipodi, zikuyandama pang'onopang'ono.

"Musadabwe," anabwereza. "Munthu wayamba kupepesa mlandu usanazengedwe."

"Mzere womaliza. Mundawu anauyamba ndi malemu amuna awo."

Macfussy anatalikitsa botolo ndi nkhope yake.

"Malemu."

"Eya."

"Anamwalira ndi chiyani?"

"Khadi silikunena. Likungoti botolo loyamba anatsegula ndi iwowo."

Macfussy anabweza botolo pamalo pake n'kupukuta zala pathalauza. Kuseri kwa khoma kunkamveka phokoso lomwe ankalidziwa kuposa mawu a ana ake, mbale zikugundana m'madzi otentha. Foni inanjenjemera m'thumba. Anadziwa kuti ndi mkazi wake, yemwe chithunzi cha mwamuna wake atavala tayi wa gulugufe anali atachitumiza kale kwa achibale onse, ndi a kumpingo omwe.

"Mafi mushkila, palibe vuto, a Macfussy," anatero Rehema, pofuna kumulimbitsa mtima. "Mwina mwangoiwala masitepu. Peji naini. Muonetse botolo. Mutsegule. Muthire pang'ono kwa gesti amene waoda, alawe. Inu mudikire."

"Woyamba kulawa ndi mlendo?"

"Eya."

"Ine ndidikire chiyani?"

"Akagwedeza mutu, muthirire enawo."

"Akapanda kugwedeza?"

"Muitane manijala."

"Osati ambulansi?"

"Ambulansi ili peji fote."

"Ndiye anaganizira kale."

"Peji fote ndi ya munthu wotsamwa ndi fupa."

"Amalemba choncho kumene. Iwe sunafunsepo kuti n'chifukwa chiyani mlendo amayamba, mwini mowa ali pomwepo atapinda manja?"

"Mafunso amafunsa ndi iwo pa mayeso. Ine ndimayankha."

"Safunsa anadya phula, chemwali."

"Phula pa menyu palibe."

Macfussy anasuzumira pa kagalasi ka pachitseko. Pa tebulo faifi panali anthu anayi, ndipo wapakati anali mkulu wina wa imvi, yemwe polowa anaima, anawerenga baji ya pachifuwa pake, n'kumupatsa moni pomutchula dzina, ngakhale analiphotchola. Pa zaka zitatu zonsezo, mlendo woyamba kumutchula dzina anali ameneyo. Macfussy anagwidwa ndi mantha enieni, ndipo chisoni chinabwera pamwamba pake.

"Mdala uja ndi amene waoda?"

"Ndi iwowo. Kwatsala maminitsi awiri. Buku likuti botolo lifike pasanathe faifi."

"Ndipatse chotsegulira."

"Amatsegulira patebulo."

"Ndipatse."

Anachotsa chotsekera, anathira pang'ono m'tambula, n'kukokera pafupi kachidebe kaja ka m'mawa kuti kakhale umboni.

"Mwini mowa akakana, amalawa ndi wa pakhomo. Wa pakhomo pano ndine."

"Peji thu, a Macfussy. Wantchito womwa pa shifiti, halasi, ntchito yatha. Ndege yobwerera kumudzi."

"Ndiye ndisankhe, sinki, ndege, kapena maliro a mdala uja."

"Maliro m'buku mulibe."

"Ndikagwa, foni yanga pasiwedi ndi chaka chobadwa. Uwauze mayi kuti mwambo sindinautaye."

"Chaka chanji?"

Macfussy anakweza tambula kunyali n'kuipendeketsa, kufufuza zakuda zija. Anaizunguza kuti ngati chilipo chobisala chiyandame. Analowetsa mphuno yonse n'kukoka mpweya nthawi yayitali, maso ali chitsinzinire, kusaka bowa uja. Kenako anapemphera chamumtima n'kuika vinyo m'kamwa. Kumeza kunakanika. Anamupititsa tsaya ili, n'kumubwezera tsaya ilo, ndipo vinyoyo anali wowawasa ngati bwemba, woumitsa lilime ngati nthochi yaiwisi. Munthu amene analeredwa ndi masese a ku Lizulu sakanapirira chipongwe chotere. Anawerama n'kulavulira m'kachidebe, mwaukhondo, osadontheza ngakhale kadontho pa malaya.

Atadzutsa mutu, pakhomo panali pataima manijala, ndi mayi wa ku Tasmania pambali pake, manja ali pachifuwa. Mayiyo anayankhula Chingerezi chothamanga. Manijala anayankha, Rehema anaponyapo mawu awiri, ndipo onse awiri anatuluka. Macfussy sanamve kanthu, makutu anali akulira.

"Ndege ndi ya liti?" anafunsa.

"Ndawauza kuti simunameze. Buku likuletsa kumwa."

"Nanga mayiwo amati chiyani?"

"Akuti ayenda mahotela asanu, sanaonepo woperekera woyang'ana vinyo wawo ndi mtima wonse ngati inu. Mpaka misozi imalengeza."

"Yawo kapena yanga?"

"Yonse. Manijala akuti kusinki simubwereranso. Ndiye mayiwo apempha kuti kuyambira lero botolo lawo lililonse muziyamba mwalawa inu lisanapite patebulo."

"Lililonse?"

"Lililonse. Kwatsala theka la miniti."

Macfussy anagwira pamtima, anapeza pakugunda. Anayendetsa lilime, linali likadalipo. Anawongola tayi, anaika botolo pathireyi, n'kukankha chitseko ndi phewa monga anamuphunzitsira. Ali pakhomo anatembenuka, nkhope ili ya munthu amene wawina mlandu.

"Waona, chemwali? Ndimanena ine. Nawonso akumuopa."