Mkazi Wachiwiri wa a Ulusi

Anamfedwa, abale ndi alongo, akuluakulu a mpingo amene mwakhala kutsogolo kuno, ndi inu anzanga a ku fakitale amene mwaimirira kumbuyoko chifukwa mipando yatha, ndapatsidwa ntchito yowerenga mbiri ya malemu. Ine si wachibale wa magazi. Ndine mnzawo amene ndinkayendetsa makina oyandikana ndi awo, ndipo wandituma ndi mlamu wanga, mayi wamasiyeyu. Ndikamaima pakati pa mawu musaganize kuti ndasokera mzere, ndizikhala ndikufunafuna mpweya.

Malemu amene agona apawa tonse tinkawadziwa ndi dzina loti a Ulusi. Anabadwa m'chaka cha 1961, mwana wachitatu m'banja la ana asanu. Bambo awo anali telala, ndipo banja lonse linkakhala m'chipinda chakuseri kwa shopu. Malemu ankagona pansi pa tebulo lodulirapo nsalu, n'kumadzuka tizidutswa ta ulusi tili mbwee m'mutu. Poti analinso woonda ngati ulusiwo, bambo awo anawapatsa dzinali mocheza, ndipo linawakakamira mpaka lero.

Sukulu anaphunzira mpaka folomu yachiwiri. Alongo awo andiuza kuti luso la mawu linayambira komweko. Tsiku lina atauzidwa kuti alembe chimangirizo cha mvula, iwo analemba kuti mvula inakhala ikukhoma misomali padenga koma dengalo linkadonthabe. Aphunzitsi anawaimiritsa kuti awerengenso mzerewo kalasi yonse imve, ndipo ana onse ochokera m'nyumba zodontha anaseka chifukwa anaizindikira mvula yakwawo. Bambo awo atayamba kuvutika maso, malemu anasiya sukulu kuti azithandiza pa shopu.

M'chaka cha 1985 anamanga banja ku tchalitchi ndi mayi amene akhala pafupi ndi bokosiwa. Nthawi imeneyo mlamu wanga ankasita zovala pa londile ina. Amatiuza kuti malemu pofunsira sananene kuti ndakukondani. Anangoima pakauntala n'kunena kuti iwo ndi malaya othothoka mabatani. Mlamu anawayankha kuti ntchito yawo ndi kusita, zosoka apite nazo kwa bambo awo. Zinawatengera sabata yathunthu kuti azindikire kuti anali atafunsiridwa, koma atazindikira sanabwererenso m'mbuyo.

Chaka chotsatira malemu analowa ntchito ku fakitale yoomba nsalu, ndipo n'komwe ine ndinawadziwira. Amene simunalowemo ndikuuzeni mmene muliri. Ndi chinyumba chachitali, makina ali m'mizere, phokoso lake loti munthu sumva ngakhale mawu ako omwe. Tinkalankhulana ndi manja ndi milomo. Mawindo anali okhomedwa ndi misomali chifukwa mphepo imadula ulusi pa makina. Fumbi la thonje linkangoyandama m'mwamba, loyera, lofewa, n'kumatera pa nsidze, m'makutu, m'mphuno. Poweruka tonse tinkatuluka ndi imvi, ngakhale anyamata amene anali asanamere ndevu.

M'phokoso limenelo ndi mmene malemu ankapekera ndakatulo zawo. Sankalemba. Ndinkangowaona milomo ikugwedezeka motsatira kugunda kwa makina, ndiye ndadziwa kuti masana kuli nkhani. Pa nthawi ya chakudya tinkatsamira khoma la pafupi ndi mpope, iwo n'kulakatula, ife n'kumaloweza. Panalibe chinthu chimene ankachitchula ndi dzina lake. Belu loyambira ntchito ankati ndi apongozi, chifukwa limaitana usanamalize kutafuna. Lolemba ankati ndi nsapato ya kumanzere yovalidwa kumanja. Tinkaseka mpaka kutsamwa, koma ukapita kunyumba mawuwo ankakutsatira.

Kenako anthu anayamba kutsokomola. Poyamba mmodzimmodzi, kenako mzere wonse. Amene analimba mtima n'kukanena ku ofesi kuti fumbi likutidwalitsa ankauzidwa kuti vuto ndi fodya, ngakhale amene sanagwirepo ndudu chibadwire, ndipo posakhalitsa makina ake ankapatsidwa munthu wina. Ifenso amuna tili ndi matenda athu a manyazi. Palibe ankafuna kuti anzake adziwe kuti akukwera masitepe mopumira. Choncho tonse tinkadziwa, tonse tinali chete.

Apa ndi pamene malemu anapeka ndakatulo imene yatifikitsa pa mkangano wa lero. M'ndakatuloyo ananena kuti akwatira mkazi wachiwiri, woyera, wofewa, amene anawapeza pantchito ndipo amawatsatira mpaka kunyumba. Ankanena fumbi la thonje, ndipo aliyense amene anali pa khoma tsiku limenelo anamva. Tinayamba ndi kuseka monga mwa masiku onse. Pofika kumapeto panalibe woseka, ndipo bambo wina wamkulu, amene anatisiya kale, anaika chakudya chake pansi n'kulira pamaso pa tonsefe.

Ndakhala ndikudzifunsa chifukwa chake mawu amenewo anachita zimene mawu olunjika analephera. Mukamuuza munthu kuti m'mapapo mwake muli fumbi, amangogwedeza mutu n'kubwerera pa makina, chifukwa fumbi timasesa tsiku lililonse ndipo silitiopsa. Koma mukamuuza kuti m'nyumba mwake mwalowa wina amene akudya mphamvu zimene ankasungira ana ake, amakhala kaye pansi. Chinanso, fanizolo linatipatsa pobisala. Mwamuna amene sakanatha kunena kuti ndikudwala ankatha kunena moseka kuti wamng'ono uja sanandigoneke bwino, ndipo anzake ankamva zonse. Pamapeto pake tinayamba kuperekezana ku chipatala.

Nkhani simakhala pa khoma. Mayi wina woyandikana nawo nyumba, wa makutu akuthwa koma omva theka, anakauza mlamu wanga kuti amuna awo akudzitama pagulu kuti ali ndi wina woyera. Mlamu anazimitsa simbi, n'kufika pa geti nthawi yoweruka manja a bulauzi atapinda, n'kumayang'anitsitsa mkazi aliyense wotuluka kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ine nditawaona ndinadutsira kumbali, sindinama. Malemu anawatengera pa benchi yodikirirapo basi, n'kuwapempha kuti aike khutu pamsana pawo, kenako anakoka mpweya. Mlamu anamva kaphokoso kolira m'kati. Mawu amene anandiuza pambuyo pake andilola kuti ndiwanene pano: anati anabwera kudzamenya munthu, koma anapeza mdani wopanda tsitsi loti n'kukoka.

Kuyambira tsiku limenelo mlamu wanga ndi amene anaifalitsa ndakatuloyo pakati pa akazi athu. Amayi amadziwa kulimbana ndi mkazi mnzawo kuposa mmene amuna timadziwira kulimbana ndi matenda. Anasonkhana pa geti gulu, ndipo sanachoke mpaka akuluakulu a fakitale atatuluka kudzawamvera. Zophimba kumphuno zinabwera, mawindo ena anazulidwa misomali. Patangopita nthawi pang'ono kunamveka zochepetsa antchito, ndipo dzina loyamba kutchulidwa linali la malemu. Anabwerera ku makina akale a bambo awo, n'kumasoka zigamba pakhonde, ndipo ndi ntchito imeneyo anaphunzitsa ana onse.

Tsopano ndifike pa za mpingo, ndipo akuluakulu mundipirire. Malemu anali Mkhristu kuyambira ubwana. Ankaimba besi m'kwaya, ndipo denga la tchalitchi likadontha ndiwo ankakwerapo. Koma kapitawo wathu wa ku fakitale analinso mkulu wa mpingo womwewo, ndipo m'ndakatulo muja muli mzere wonena kuti mboni ya ukwatiwo inali kapitawo. Iwowo ndi amene anakasuma ku bwalo la mpingo kuti malemu avomera okha pagulu kuti ali ndi mitala.

Ine ndinaitanidwa ngati mboni, choncho ndikunena zimene ndinaona. M'chipinda chimenecho munalibe munthu ngakhale mmodzi amene ankakhulupirira kuti kuli mkazi weniweni. Mlamu wanga anaimirira n'kunena kuti akanakhalapo akanamupeza kalekale. Malemu anafunsa funso limodzi lokha. Anati Lamulungu lililonse mpingo wonse umaimba kuti ndife nkhosa, koma iwo sanaonepo mkulu wa mpingo aliyense akudya udzu, nanga bwanji fanizo likhala loyera likamanena za kumwamba, koma n'kusanduka tchimo likanena za chifuwa cha munthu? Anauzidwa kuti akaime pamaso pa mpingo, anene kuti ndakatuloyo inali bodza, ndipo alonjeze kuti sadzailakatulanso. Anakana, ndipo anawadula mu mpingo.

Sanasiye kupita ku tchalitchi. Ankakhala pa benchi yomaliza pafupi ndi chitseko, n'kumaimba besi yawo ali komweko, mokweza moti a kwaya ankatsatira iwo m'malo motsatira wowatsogolera. Mgonero unkawadutsa, iwo n'kungoweramitsa mutu. Zinkawapweteka, musaganize kuti anali mwala. Anandiuzapo kuti kuchotsedwa ntchito sikunawawawe ngati mmene kunkawawawira kuona mbale ya mgonero ikudumpha dzanja lawo.

Matenda anakula pang'onopang'ono. Anayamba ndi kusiya besi, kenako kusiya kupalasa makina, kenako ngakhale kuchoka kuchipinda kupita pakhonde kunasanduka ulendo. A chipatala atawajambula m'chifuwa ananena zomwe malemu anali atanena kale pa khoma. Tikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anayesetsa, komanso mwana wawo wamkazi woyamba amene anasiya zake zonse kudzawasamalira.

Mwezi watha akulu a mpingo anabwera kudzawaona. Anawauza mwaulemu kuti khomo likadali lotsegula: akangonena kuti alapa za ndakatulo ija, abwezeretsedwa, ndipo tsiku lawo likadzafika kwaya idzaimba, abusa adzavala mkanjo. Malemu anali atatsamira mapilo, mawu akutuluka amodziamodzi. Anayankha kuti machimo ali nawo ambiri ndipo amawalapa tsiku ndi tsiku, koma ili si limodzi mwa iwo. Anati ngati akuluwo akufuna kuti mkazi wachiwiriyo achoke, amuuze okha, poti akumumva akulankhula m'chifuwamo. Anatisiya Lachiwiri masana, mutu uli pamiyendo pa mkazi wawo.

N'chifukwa chake lero simukumva kwaya. Dzulo talandiranso uthenga woti pemphero lomaliza liperekedwa pokhapokha mbiriyi ikhale yaifupi, inene kuti malemu anadwala nthawi yaitali, ndipo isakhudze za ndakatulo. Ndinakafunsa mlamu wanga. Anandiyang'ana mmene anayang'anira akazi aja pa geti, n'kunena kuti amuna awo anakana ali ndi mpweya wochepa, ndiye ife amene tikadali nawo tisawachititse manyazi. Choncho ndiilakatula. Amene aona kuti makutu awo adetsedwa, njira ndi iyo, palibe amene awagwire.

Ndakwatira wina, amayi, osakuuzani.
Sanafune mphete, sanafunse dzina.
Anandipeza pantchito, woyera mbee,
akuvina m'mwamba osaponda pansi.
Amandipsompsona kuyambira m'mawa,
poweruka amakwera nane basi.
Inu mumagona pambali panga,
iye amagona m'kati.
Mpweya umene ndinkasungira inu
wamwa ndi iye, wandisiyira makombo.
Mwana akati ababa ndinyamuleni,
iye amati khala pansi, ndiwe wanga.
Ukwati uwu anadalitsa ndi bwana,
mboni yake anali kapitawo.
Ndapempha chisudzulo, andiuza kuti
mkaziyo kulibe, ndikungolota.

Imeneyo ndiyo ndakatulo imene munthu uyu wakanizidwira nyimbo pa maliro ake. Ndaona milomo yambiri kumbuyoko ikuyenda limodzi ndi wanga, choncho amene akuganiza kuti tikuikwirira lero alakwitsa.

Malemu asiya mkazi mmodzi. Ndibwereze kuti amene akulemba za mpingo alembe bwino: mmodzi, yemwe anamanga naye ukwati pa guwa, ndipo sanamuchititsepo manyazi. Asiya ana anayi, aakazi atatu ndi wamwamuna mmodzi, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, alongo awo awiri, ndi mng'ono wawo amene ali pa ulendo ndipo sanathe kufika.

Asiyanso ife anzawo a pa makina, amene mwakhala mukutimva tikutsokomola chiyambire mwambo uno. Ambiri tili kumbuyoko, koma mmodzi wakhala kutsogolo kuno pakati pa akulu a mpingo, kansalu kali pakamwa. Bambo kapitawo, inunso munkayenda m'mizere yomweyo, mawindo ali chikhomere. Malemu anakumvani mmene munkapumira tsiku limene munabwera kudzawaona, ndipo mutatuluka anandipatsa uthenga wanu. Anati ndikuuzeni kuti alibe nanu mangawa, koma mupite ku chipatala sabata ino, musadikire, ndipo ngati mukuchita manyazi ndikuperekezeni ineyo. Ndidzakhala pa geti la chipatala Lolemba m'mawa.

A Ulusi apumule mu mtendere. Ife tanena, kaya kutsogolo kuno kumveka Amen, kaya kukhala chete.